Kodi mfumu ya ku England inalakwa chiyani potolera msonkho m'dziko lake lomwe?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Dedza. Tikuphunzira za England, mwana wina anandifunsa kuti, ngati Charles I anali mfumu ndipo dziko linali lake, analakwa chiyani potolera msonkho? Ndinamuyankha kuti sanapemphe chilolezo ku Nyumba ya Malamulo. Pambuyo pake ndinawerenga kuti nkhaniyi itapita kukhothi, oweruza anati mfumu sinalakwe. Tsono wolondola anali ndani? Komanso n'zoona kuti anamudula mutu chifukwa cha msonkho?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lomalizali poti ndi lapafupi. Charles I anamudula mutu pa 30 Januwale 1649, ndipo mlandu umene anamuzenga unali woukira dziko pothira nkhondo Nyumba ya Malamulo ndi anthu ake omwe. Za msonkho zinali zitagamulidwa kale mu 1641, nkhondo isanayambe n'komwe. Chimene msonkho unachita ndi kuthetsa kukhulupirirana pakati pa mfumu ndi aphungu, moti itabuka mikangano ya chipembedzo ndi ya ulamuliro wa asilikali, panalibenso mbali yokhulupirira lonjezo la inzake.

Funso loyambalo ndilo lofuna kukhalira pansi. Zimene munamuuza mwanayo n'zoona, komanso oweruza aja sanangolota chigamulo chawo. Malamulo akale a ku England ankanena zinthu ziwiri. Ankati mfumu singatenge chuma cha munthu popanda chilolezo cha dziko, ndipo ankatinso mfumu ili ndi udindo woteteza dziko pa nthawi ya ngozi, ndipo anthu ayenera kuithandiza. Chimene malamulowo sananene ndi ichi: ndani ali ndi mawu omaliza oti ngozi yafikadi? Mkangano wonse unagona pamenepo.

Kuti ana amvetse, ayambe adziwa kuti kalelo msonkho sunali wa chaka ndi chaka ngati umene tauzolowera ife. Mfumu inkayembekezeka kudzidyetsa yokha. Inali ndi minda ndi nkhalango zake, inkalandira chindapusa cha m'makhothi, inkadyerera pa chuma cha ana amasiye a eni malo akuluakulu mpaka atakula, ndiponso inkatolera msonkho wa kasitomu pamadoko. Msonkho wokhudza chuma cha munthu mwachindunji unali wapadera, wopemphedwa kawirikawiri pa nthawi ya nkhondo. Nyumba ya Malamulo nayo sinkakumana mwa kufuna kwake. Mfumu ndiyo inkaiitana, mfumu ndiyo inkaibalalitsa, ndipo chachikulu chimene inkaiitanira chinali ndalama. Aphungu ankadziwa kuti tsiku limene mfumu idzapeze njira yopezera ndalama popanda iwo, sidzawaitananso. Choncho pokana msonkho wa mfumu sankateteza matumba awo okha. Ankateteza kukhalapo kwa nyumba yawo.

Mfundo ya chilolezo inalembedwa koyamba mu Magna Carta, chikalata chimene akuluakulu a dziko anakakamiza mfumu John kuvomera mu 1215. Ndime 12 inati misonkho ina yotchulidwa m'menemo isaikidwe popanda upo wa dziko lonse. Ambiri sadziwa kuti ndimeyi anaichotsa pamene ankatulutsanso chikalatachi mu 1216, ndipo sinabwerere. Mwambo wake wokha ndiwo unatsala. Edward I, atapanikizika ndi nkhondo za ku France ndi ku Scotland, anakweza msonkho wa ubweya wa nkhosa kufika masheleni 40 pa thumba ndipo ankalanda chakudya cha asilikali kwa alimi. Mu 1297 akuluakulu awiri, Roger Bigod ndi Humphrey de Bohun, anapita ku ofesi ya chuma cha mfumu kukaletsa kutolera msonkho watsopano, ndipo chaka chomwecho Edward anavomera kuti sadzatenganso zoterozo popanda chilolezo cha dziko. Malamulo a 1340 ndi 1362 anabwereza zomwezo, akutchula Nyumba ya Malamulo mwachindunji.

Mafumu anzeru sankalimbana ndi mfundo imeneyi poyera. Ankangousintha dzina msonkhowo. Edward IV ankapempha "mphatso" kwa anthu olemera, mphatso yoti ukakana udziwanso. Lamulo la 1484 linailetsa, koma inabwereranso. Mu 1525 Thomas Wolsey, nduna ya Henry VIII, anayesa kutolera chopereka chachikulu cha nkhondo ya ku France popanda aphungu. Anthu a ku Suffolk anasonkhana zikwizikwi kukana, ndipo Henry, ngakhale anali munthu woopsa, anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti iye sankadziwa kalikonse. Nzeru imeneyi, yodziwa pobwerera, ndi imene Charles analibe.

Nanga n'chifukwa chiyani moto unabuka m'zaka za m'ma 1600? Apa tiyenera kuichitira chilungamo mfumu. Mitengo ya zinthu inali itakwera kangapo m'zaka 100 za m'mbuyo mwake, nkhondo inali itakwera mtengo chifukwa cha mfuti ndi zombo zikuluzikulu, ndipo minda yambiri ya mfumu inali itagulitsidwa. Msonkho umene aphungu ankavomereza nawo unkacheperachepera. Msonkhowu ankauvomereza m'magawo, ndipo gawo limodzi linkabweretsa mapaundi pafupifupi 130,000 m'masiku a Elizabeth I, koma pofika 1628 linkangobweretsa pafupifupi 55,000. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi: amene ankayesa chuma cha anthu m'maboma anali eni malo omwewo, abale ndi anzawo a aphungu, ndipo ankalemberana chuma chochepa. Walter Raleigh anauza nyumbayo mu 1601 kuti chuma chimene anthu ngati iye analembedwa m'mabuku a mfumukazi sichinkafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chawo chenicheni. Choncho pamene mafumu ankadandaula kuti aphungu akuwamana ndalama zoyendetsera dziko, sankanama. Kungoti James I, bambo wake wa Charles, anali wamanja lende kwa okondedwa ake, ndipo aphungu ankaona kuti kumupatsa ndalama n'kungozitaya.

Mlandu woyamba waukulu unali wa mphesa zouma. Mu 1606 wamalonda wina wa ku London, John Bate, anakana kulipira msonkho woonjezera umene mfumu inaika pa mphesa zochokera kunja popanda aphungu. Khothi la za chuma linagamula mokomera mfumu. Woweruza wamkulu, Thomas Fleming, anati mfumu ili ndi mphamvu za mitundu iwiri: mphamvu wamba, zoyendera malamulo, ndi mphamvu zapadera zoyang'anira ubwino wa dziko lonse, zimene khothi silingazifunse. Malonda akunja, anatero, ali m'gulu lachiwirili. Ngati mfumu ingatseke doko, ingathenso kulipiritsa wodutsa padokopo. Robert Cecil, nduna ya za chuma, sanachedwe. Mu 1608 anaika misonkho yoonjezera pa mitundu ya katundu yoposa 1,000. Mu 1610 Cecil yemweyo anayesa kuthetsa vuto lonse ndi mgwirizano woti aphungu azipereka mapaundi 200,000 pachaka, mfumu n'kusiya zina mwa njira zake zakale zopezera ndalama. Mbali zonse zinachita mantha, aphungu poopa kuti mfumu yokhuta sidzawafunanso, mfumu poopa kuti ikugulitsa ufumu motchipa, ndipo mgwirizano unafera pomwepo.

Charles analowa ufumu mu 1625, ndipo zinthu zinaipa chaka chomwecho. Kuyambira m'ma 1400, mwambo unali woti mfumu yatsopano ipatsidwe msonkho wa kasitomu, wotchedwa Tonnage and Poundage, kwa moyo wake wonse. Aphungu a nyumba ya osankhidwa, House of Commons, anati Charles amupatsa kwa chaka chimodzi chokha, pofuna kuti nkhani ya misonkho yoonjezera ija iyambe yakambidwa, komanso posakhulupirira Buckingham, mnzake wapamtima wa mfumu. Bilu imeneyi sinakhale n'komwe lamulo. Charles anangopitiriza kutolera. Nkhondo zake za ku Cadiz mu 1625 ndi ku chilumba cha Ré mu 1627 zinatha mochititsa manyazi, ndipo ndalama zikufunikabe.

Ndiye anatulukira "ngongole". Aliyense wolipira msonkho anauzidwa kubwereketsa mfumu ndalama zofanana ndi magawo asanu a msonkho uja, aliyense akudziwa kuti sizidzabwezedwa. Woweruza wamkulu Ranulph Crewe atakana kuvomereza kuti izi n'zololeka, anamuchotsa ntchito. M'busa wina, Roger Maynwaring, analalikira pamaso pa mfumu kuti wokana kupereka akuchimwira Mulungu. Anthu olemekezeka oposa 70 anatsekeredwa chifukwa chokana, ndipo asanu mwa iwo atapempha khothi mu 1627 kuti liwauze mlandu wawo, yankho linali loti amangidwa mwa lamulo lapadera la mfumu, basi. Oweruza anawabweza kundende. Taonani mmene nkhani ya ndalama inasandukira nkhani ya ufulu wa munthu: msonkho wopanda chilolezo sungatoleredwe popanda kumanga okana, ndipo kumanga okana kumafuna mphamvu yomanga popanda mlandu.

Aphungu atakumana mu 1628, motsogozedwa ndi anthu ngati Edward Coke, loya wokalamba amene anakhalapo woweruza wamkulu, analemba chikalata chotchedwa Petition of Right. Chinati munthu asakakamizidwe kupereka mphatso, ngongole, msonkho kapena china chofanana nazo popanda lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo asamangidwe popanda kuuzidwa chifukwa. Charles anazengereza, koma pa 7 Juni anavomera, n'kulandira ndalama zimene ankafuna. Sipanapite nthawi, ananena kuti chikalatacho sichikukhudza kasitomu. Akasitomu analanda katundu wa amalonda okana kulipira, mmodzi mwa iwo, John Rolle, ali phungu. Pa 2 Malichi 1629 sipikala John Finch ataimirira kuti atseke zokambirana molamulidwa ndi mfumu, aphungu awiri, Denzil Holles ndi Benjamin Valentine, anamukanikiza pampando, chitseko chitakhomedwa, mpaka nyumbayo itavomereza kuti aliyense wotolera kapena wolipira mwaufulu msonkho umenewu ndi mdani wa ufulu wa dziko. Charles anabalalitsa nyumbayo. John Eliot, amene anakonza zonsezi, anafera m'ndende ya Tower of London mu 1632. Kwa zaka 11 aphungu sanaitanidwenso.

M'zaka zimenezi maloya a mfumu ankafukula malamulo akale oiwalika. Anapeza lina loti mwini malo aliyense wopeza mapaundi 40 pachaka anayenera kubwera pa tsiku lolonga mfumu kudzalandira udindo wa usilikali waulemu, ndipo amene sanabwere anawalipiritsa chindapusa. Anayezanso malire akale a nkhalango za mfumu n'kulipiritsa anthu amene makolo awo anakhalamo zaka mazanamazana. Zonsezi zinali zololeka pa pepala. Koma chachikulu chinali msonkho wa zombo.

Msonkho umenewu sunali wachilendo. Kuyambira kale, mfumu inkalamula matauni a m'mbali mwa nyanja kupereka zombo pa nthawi ya nkhondo, ndipo Elizabeth anachita zimenezi mu 1588 pamene zombo za Spain zinkabwera. Ngozi panyanja nayonso inalipo ndithu. Mu 1631 achifwamba ochokera kumpoto kwa Africa anafika pa Baltimore ku Ireland n'kugwira anthu oposa 100 kukawagulitsa ukapolo. Mu 1634 Charles analamula madoko kupereka, ndipo anapereka. Mu 1635 analamula dziko lonse, ngakhale maboma akutali ndi nyanja, ponena kuti chitetezo n'cha onse. Mu 1636 analamulanso, ndipo zinaoneka kuti zikhala za chaka ndi chaka. Ankafuna mapaundi pafupifupi 200,000 pachaka, ndipo zaka zoyambirira ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse zinkatoleredwa. Tinene zoona, ndalamazi zinapitadi ku zombo. Chombo chachikulu chotchedwa Sovereign of the Seas chinalowa m'madzi mu 1637. Unali msonkho woyenda bwino kuposa umene aphungu ankapereka, ndipo kuyenda bwino kwakeko ndiko kunkaopsa.

John Hampden, mwini malo wolemera wa ku Buckinghamshire, anakana kulipira masheleni 20, ndiko kuti paundi imodzi, pa malo ake a ku Stoke Mandeville. Kwa iye ndalamayi inali yosanunkha kanthu. Mlandu wake unamvedwa ndi oweruza onse 12 a makhothi akuluakulu kumapeto kwa 1637. Koma miyezi ingapo m'mbuyomo Charles anali atawafunsa kale oweruza omwewo maganizo awo mwamseri, ndipo onse anasaina kuti dziko likakhala pangozi mfumu ingalamule thandizo, ndiponso kuti woweruza yekhayo wa ngoziyo ndi mfumu. Kumbukiraninso kuti oweruza nthawi imeneyo ankakhala pampando pokhapokha mfumu ikukondwera nawo, ndipo zimene zinamuchitikira Crewe ankazidziwa.

Loya wa Hampden, Oliver St John, anachenjera. Sanakane kuti mfumu ndiyo yoteteza dziko. Mbali yake inati, adani akakhala pakhomo, mfumu ichite chimene ingathe, koma ngozi yoteroyo ikhale yosapereka mpata woitana aphungu. Kalata yolamula msonkhowu inatuluka mu Ogasiti 1635, ikunena kuti chombo chikhale chokonzeka pa 1 Malichi chaka chotsatira. Imeneyo ndi miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, pamene kuitana Nyumba ya Malamulo kunkangofuna masiku 40. Ngozi yanji imene imadikira miyezi yonseyo, ndiponso n'kumabwera chaka chilichonse? Ana anu angamve msanga mukawauza chonchi: pamudzi pakagwa maliro, nyakwawa ikalengeza kuti khomo lililonse lipereke ufa ndi nkhuni, palibe amene amafunsa kuti msonkhano unachitika liti, chifukwa maliro aliyense akuwaona. Koma nyakwawa ikati ndi yokhayo ingadziwe ngati pagwa maliro, ndipo wina asafunse, ndiye kuti nkhokwe zonse za m'mudzimo zasanduka zake.

Chigamulo chinatha kuperekedwa mu Juni 1638: oweruza asanu ndi awiri anakomera mfumu, asanu anakomera Hampden. Mwa asanuwo, George Croke ndi Richard Hutton ananena mosapita m'mbali kuti msonkhowu ndi wosemphana ndi malamulo, pamene ena awiri anangopeza zolakwika pa kalembedwe ka kalata ya mfumu. Chimene chinavulaza mfumu kwambiri chinali pakamwa pa oikomera. Robert Berkeley anati lamulo ndi wantchito wokhulupirika wa mfumu, ndipo mfumu ndiyo lamulo lamoyo. John Finch, sipikala uja anamukanikiza pampando, tsopano ali woweruza wamkulu, anati lamulo lililonse la Nyumba ya Malamulo lomanga manja a mfumu pa chitetezo cha dziko n'lopanda ntchito. Anthu amene ankalipira mwakachetechete, poganiza kuti akuthandiza pa vuto lakanthawi, anamva tsopano kuti katundu wawo ali m'manja mwa mfumu nthawi iliyonse imene yafuna.

Apa ndi pamene ndingayankhe kuti wolondola anali ndani. Pa zitsanzo zakale, mfumu inali ndi pogwira, ndipo wonena kuti oweruza asanu ndi awiri aja anangogulidwa akupeputsa nkhani. Koma ine ndimaona kuti Hampden ndiye analondola, pa chifukwa chimodzi. Kumasulira kwa mfumu kunkameza malamulo ena onse. Ngati mfumu yokha ingalengeze ngozi, ndipo ikalengeza palibe khothi kapena phungu angafunse, ndiye kuti lonjezo la 1297, malamulo a 1340 ndi 1362, ndi Petition of Right imene Charles yemweyo anavomera, zonse zinalembedwa pachabe. Kumasulira lamulo limodzi m'njira yopha malamulo ena onse pa nkhani yomweyo sikungakhale kumasulira kolondola.

Komabe si mfundo za maloya zimene zinagonjetsa Charles. Boma lake linalibe antchito olipidwa otolera msonkho m'midzi. Linkadalira masherifu, amene ankaimira mfumu m'maboma, ndi akapitawo a m'midzi, anthu a komweko, osalandira malipiro. Pamene Charles anayesa kukakamiza anthu a ku Scotland kugwiritsa ntchito buku latsopano la mapemphero, nkhondo n'kubuka mu 1639, anthu anafunsidwa kulipiranso za asilikali pamwamba pa za zombo. Akapitawo anayamba kuzemba. Ng'ombe zolandidwa kwa okana kulipira zinkasowa wogula. Pa kalata ya 1639, ndalama zotoleredwa zinangofika pafupifupi 20 pa 100 zilizonse. Mu Epulo 1640 Charles anaitana aphungu, n'kuwauza kuti asiya msonkho wa zombo akamupatsa magawo 12 a msonkho wawo uja. Iwo anaona kuti kugula chinthu chimene akuti n'chosaloleka ndiko kuvomereza kuti n'chololeka, ndipo nyumbayo inabalalitsidwa patangotha masabata atatu. Mu Ogasiti asilikali a ku Scotland anapambana pa Newburn n'kulanda Newcastle, ndipo Charles anavomera kuwalipira mapaundi 850 pa tsiku. Analibe ndalamazo. Pa 3 Novembala 1640 aphungu anakumananso, ndipo ulendo uno sakanatha kuwathamangitsa.

Mlandu suola. Finch anathawira ku Holland. Berkeley anamugwira ali pampando wake woweruzira milandu mu Febuluwale 1641. Chaka chomwecho anakhazikitsa malamulo oti msonkho wa zombo ndi wosaloleka ndipo chigamulo cha mlandu wa Hampden chafafanizidwa, kuti kasitomu singatoleredwe popanda aphungu, ndiponso kuti pasamapite zaka zoposa zitatu nyumbayo isanakumane. Charles anasaina onsewo. Nkhondo inayamba mu Ogasiti 1642 pa nkhani zina, ndipo Hampden anafa mu Juni 1643 ndi mabala a nkhondo ya pa Chalgrove.

Pali mbali ina imene mabuku a sukulu amakonda kuidumpha, ndipo ndikupemphani kuti ana anu aimve. Kupambana kwa aphungu sikunachepetse msonkho. Mu 1643, pofuna kulipira asilikali ake, Nyumba ya Malamulo motsogozedwa ndi John Pym inaika msonkho pa mowa ndi katundu wina wa tsiku ndi tsiku, kenako pa nyama ndi mchere, msonkho umene unkapweteka osauka kuposa olemera. Inaikanso msonkho wa sabata ndi sabata, kenako wa mwezi ndi mwezi, umene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1650 unafika mapaundi 120,000 pamwezi. Yerekezani ndi 200,000 pachaka ya Charles. Ndipo Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali a Nyumba ya Malamulo, atatenga ulamuliro mfumu itaphedwa, wamalonda wina, George Cony, anakana kulipira kasitomu yosavomerezedwa ndi aphungu, monga anachitira Bate ndi Rolle. Cromwell anatsekera iye pamodzi ndi maloya ake.

Mfundoyi inakhazikika kotheratu mfumu James II, mwana wa Charles, itathawa mu 1688. Mwa milandu imene anamuwerengera unalipo wotolera ndalama kwa nthawi ndi m'njira zosiyana ndi zimene aphungu anavomereza. Lamulo la 1689 lotchedwa Bill of Rights linati kutolera ndalama za mfumu podalira mphamvu zachifumu, popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, kapena kwa nthawi yaitali kuposa yovomerezedwa, kapena m'njira ina, n'kuphwanya lamulo. Koma aphungu anali ataphunzira kuti mawu a pa pepala paokha sakwanira, poti Charles anasainanso mawu otere mu 1628. Choncho mfumu yatsopano, William III, aphungu anaipatsa kasitomu kwa zaka zinayi zokha, ndipo ndalama za asilikali ankazivomereza pang'onopang'ono. Kuyambira 1689 sipanapite chaka nyumbayo osakumana. Chodabwitsa n'chakuti boma linalemera kuposa kale. Obwereketsa ndalama ankakhulupirira ngongole yotsimikizidwa ndi aphungu kuposa lonjezo la mfumu, ndipo Bank of England inakhazikitsidwa mu 1694 pa maziko amenewa. Ku France zinayenda mosiyana: msonkhano wa oimira dziko sunaitanidwe kuyambira 1614 mpaka 1789, mafumu ankatolera okha, ndipo pamene Louis XVI anauitana chifukwa cha ngongole, ufumu womwewo unagwa.

Mwana wanu wochenjerayo akhoza kufunsanso kuti, chilolezo cha dzikocho, dziko lake ndani? Funso limenelo n'loyenera. Ovota anali amuna ochepa okhala ndi malo kapena udindo m'tauni. Amayi ndi anthu wamba ambiri analibe mawu. Chipolowe chachikulu cha msonkho m'mbiri ya England, cha Wat Tyler mu 1381, chinali chokana msonkho wa pamutu umene Nyumba ya Malamulo inavomereza bwinobwino. Ndipo mfundo imene Angelezi anaimenyera nkhondo kwawo sanainyamule popita kumaiko a ena. Atsamunda a ku America anakana msonkho wa masitampa wa 1765 ponena kuti alibe owaimira ku London, ndipo anadzilamulira. Kwathu kuno, msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890 mwa lamulo la Harry Johnston ndi boma lake, popanda kufunsa olipira. Khonsolo yopanga malamulo ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1907, koma Aafirika oyamba analowamo mu 1949, ndipo ngakhale pamenepo anali ochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa.

Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 anatenga mfundo yomweyi. Gawo 171 limati msonkho wa mtundu uliwonse usaikidwe kapena kutoleredwa ndi boma kapena khonsolo popanda mphamvu ya lamulo, ndipo magawo otsatira amati ndalama za boma zisatuluke m'thumba lalikulu popanda chilolezo. N'chifukwa chake nduna ya za chuma ikawerenga bajeti, pamabweranso mabilu osintha malamulo a msonkho, ndipo a MRA amatolera potsatira malamulo amenewo, osati mawu a nduna. Kusiyana kwa mawu a nduna ndi lamulo kunayesedwa ku England komweko nthawi ya mafumu amphamvu itapita kale. Thomas Gibson Bowles, amene anakhalapo phungu, anasumira Bank of England chifukwa chomudula msonkho potsatira chigwirizano chabe cha House of Commons, bilu ya bajeti isanakhale lamulo. Khothi linamukomera, ndipo mu 1913 boma linachita kukhazikitsa lamulo lapadera lololeza kutolera msonkho kwa miyezi yowerengeka podikira kuti bilu idutse.